Chakudya Chikakhala Choti Chimamuwenga Wodwala

Ana athu ndi inu makolo, tonse timadziwa kuti kuzonda odwala ndi udindo wathu, ndipo sitipita chimanjamanja. Koma chakudya chomwe tanyamulacho chikhoza kupha munthu amene chimamuwenga.

Thupi la munthu wotere limachiona chakudyacho ngati mdani, n'kuyamba kulimbana nacho. Zakudya zowenga kawirikawiri ndi mtedza, nsomba, mazira, mkaka, soya ndi chitowe, zomwe kuno kuchigwa timadya tsiku ndi tsiku. Kuphika sikuchotsa vuto la mtedza kapena nsomba, ndipo pang'ono pokha, ngakhale zotsalira pa chipande, zimakwana kumudwalitsa.

Zizindikiro zimabwera msanga, nthawi zambiri pasanathe maola awiri: ziwengo zoyabwa, kutupa milomo kapena lilime, kusanza. Akayamba kubanika, mawu kusasa kapena kukomoka, ndiye kuti moyo uli pachiswe. Tiitane anamwino nthawi yomweyo. Chopulumutsa ndi jakisoni wa adrenaline wobaya pantchafu. Piritoni amangochepetsa kuyabwa, satsegula kukhosi.

Tikagonekedwa kapena kudikirira wodwala, kaya pa chipatala cha boma cha Chikwawa, cha Nsanje, ku Ngabu, ku Montfort ku Nchalo kapena ku Trinity ku Muona, tichite izi:

1. Tiwauze adokotala pomulandira, tiwapemphe alembe m'buku lake la kuchipatala pamalo oonekera.
2. Anamwino akasinthana, tiwauzenso atsopanowo. Akatitumiza ku Queen Elizabeth ku Blantyre, tikanenenso.
3. Tifunse zomwe zili m'chakudya. Likuni Phala ali ndi soya, chiponde cha ana onyentchera ndi cha mtedza, ndiwo zotendera zili ndi nsinjiro.
4. Kumalo ophikira magadiyani, tisabwereke mphika kapena chipande osatsuka ndi sopo.
5. Ngati sakutimva, tipite kwa mkulu wa wodi kapena kwa ombudsman wa pachipatalapo.

Ambiri timachita manyazi kufunsa adokotala, poopa kuoneka amwano. Kufunsa mwaulemu si mwano. Namwino mmodzi amaona odwala ambiri, pomwe ife tikuyang'anira mmodzi yekha. Khanda kapena gogo wofooka sangadzilankhulire, ndipo moyo wake ndi amana imene Allah watisungitsa.

Ntchito ya sabata ino: wophunzira aliyense afunse kunyumba ngati alipo amene chakudya china chimamuwenga, aonenso ngati zinalembedwa m'buku lake la kuchipatala. Tidzakambirana Lolemba, Insha Allah.