KUONERA NDI KUONEKERA: MLENDO PA MALO OPATULIKA

1.0 Mawu Oyamba

Masiku ano mawu akuti "zokopa alendo" amamveka kawirikawiri pa wailesi ndi m'manyuzipepala. Pa mndandanda wa malo amene amati angabweretse ndalama pamakhala nyanja, mapiri ndi nkhalango za nyama, komanso malo amene makolo athu ankathirirako nsembe. Koma pali funso limene silifunsidwa mokwanira: kodi munthu wongopita kukaona malo ayenera kukhala ndi khalidwe lotani akafika pamalo pamene eni ake amati ndi popatulika? Chimangirizo chino chiyesa kuyankha funsoli potsamira pa mawu awiri a Chichewa, kuonera ndi kuonekera. Tiyambira kwathu ku Kasungu, kenaka tiona akachisi akale a ku Msinja ndi Khulubvi, ndipo titsiriza ndi Varanasi, mzinda wakalekale wa ku India umene Ahindu amapitako kukapembedza, koma umadzazanso ndi alendo a makamera. Mfundo yathu ndi yakuti mlendo sangaonere bwino malo otere ngati sadayambe waonekera.

2.0 Muzu wa Mneni -on-

Muzu wa mneni -on- umabala mawu ambiri tikauwonjezera aphatikiri. Timati kuonera mpira, kuonera kanema kapena kuonera gule. Woonera amaima kunja kwa bwalo. Alibe udindo uliwonse pa zimene zikuchitikazo, ndipo akatopa amachoka osatsazika. Timatinso kuonana, pamene mbali ziwiri zikumana mofanana. Koma kuonekera, mawu amene ali ndi aphatikiri -ek- ndi -er-, amatembenuza nkhani yonse. Mlendo akafika m'mudzi amakaonekera kwa mfumu. Mnyamata amene wapeza mbeta amakaonekera kwa eni mbumba. Woimbidwa mlandu amakaonekera kubwalo la milandu. M'zitsanzo zonsezi maso ofunika si a munthu wobwerayo ayi, koma a amene wawapezawo. Wokaonekera amavomera kuti pamalopo pali mwini wake, ndipo amadikira kuti alandiridwe.

3.0 Timisitu ta Pakati pa Minda ya Fodya

Aliyense amene wayendapo pa msewu wa M1 kuchokera ku Lilongwe, kudutsa pa Mponela ndi pa Madisi, n'kuwoloka mtsinje wa Bua, amadziwa maonekedwe a dziko la Kasungu. Ndi chigwa chosalala cha minda ya fodya, zigafa ndi mabalani, ndipo pa Chinkhoma pali msika wa fodya. Kuyambira m'zaka za m'ma 1970, pamene maesiteti adachuluka mu ulamuliro wa Dr. Hastings Kamuzu Banda, mitengo yambiri yachilengedwe idathera ku mphanda za zigafa ndi ku nkhuni zoumitsira fodya. Komabe, ukaponya maso patali umaona timisitu tobiriwira titaima patokhapatokha pakati pa mizere. Timisitu timeneti ndi manda. Mmenemo mudakali mombo, msuku ndi muwanga, popeza nkhwangwa silowamo popanda chilolezo cha mfumu. Mitengo imene malamulo a boma adalephera kuiteteza yatetezedwa ndi ulemu umene anthu amapereka kwa akufa.

Ineyo ndidaphunzira zimenezi mochititsa manyazi. Pa tchuthi china ndidapatsidwa ntchito yosonkhanitsa mayina a mitengo m'Chichewa. Poona kuti mitengo yambiri idatsala kumanda, ndidangotenga kope ndi foni n'kulowa, poganiza kuti ndine mwana wa m'mudzi momwemo. Ndisadalembe mayina asanu, adzukulu awiri adandipeza n'kupita nane kwa mfumu. Agogo anga aamuna ndiwo adalipira nkhuku. Pobwerera kunyumba sadakalipe, adangoti, "Mdzukulu wanga, kumanda salowa ngati kumsika. Ukadayamba waonekera kwa mfumu, bwenzi atakupatsa munthu wokuperekeza." Patapita masiku awiri ndidachita zimenezo. Mkulu amene adandiperekeza adanditchulira mitengo yoposa makumi awiri pamodzi ndi ntchito zake. Ndidazindikira kuti mwambowo cholinga chake si kuthamangitsa mlendo, koma kumulowetsa pakhomo loyenera.

Achewa adasiyanitsa kalekale malo oonerapo ndi malo osaonerapo. Gule Wamkulu, amene bungwe la UNESCO lidamuzindikira m'chaka cha 2005, amavinidwa pabwalo, ndipo aliyense amaloledwa kuonera. Pa mwambo wa Kulamba, umene umachitika mwezi wa Ogasiti ku Mkaika m'boma la Katete ku Zambia, Achewa a ku Malawi, Zambia ndi Mozambique amakaonekera kwa Kalonga Gawa Undi, pamene alendo amaonera magule momasuka. Koma dambwe, kumene gule amakonzekera, si malo a wosameta. Bwalo ndi la onse, dambwe lili ndi eni.

4.0 Msinja ndi Khulubvi

Dziko lathu lidali ndi malo amene anthu ankayendera mitunda italiitali kukapempha mvula. Malo otchuka m'chigawo chapakati ndi Msinja, m'boma la Lilongwe, kufupi ndi mapiri a Dzalanyama. M'mapiri momwemo muli Kaphirintiwa, pamene nthano ya Achewa imati anthu oyamba ndi nyama adatsikira, n'kusiya mapazi awo pathanthwe lidakali lofewa. Ku Msinja kunkakhala Makewana, mayi wa fuko la Banda amene ankatumikira Chisumphi. Samuel Josia Ntara adalemba za iye m'buku la Mbiri ya Achewa, ndipo W.H.J. Rangeley adafotokoza za kachisiyu m'chaka cha 1952. Makewana sankameta tsitsi, poopa kuti mvula ingaleke. Ankathandizidwa ndi atsikana otchedwa matsano, komanso Kamundi wa fuko la Mbewe, ndi Tsang'oma amene ankasunga ng'oma yopatulika ya mbiriwiri. Mafumu ankatumiza nthumwi ndi mphatso, makamaka nsalu zakuda, pakuti mtundu wakuda umaimira mitambo ya mvula. Nthumwizo sizinkangolunjika kukachisi. Zinkadzera kwa akuluakulu a pamalopo, aliyense ndi udindo wake. Mudzi wopatulikawu udaphwasulidwa pa nkhondo za Angoni m'theka lachiwiri la zaka za m'ma 1800, koma dzina la Makewana ndi malowo sizidaiwalike.

Kumwera, m'boma la Nsanje, kuli nkhalango ya Khulubvi kumene Amang'anja amalemekeza Mbona. Mbiri ya pakamwa imati Mbona adaphedwa ndi adani ake ndipo mutu wake udaikidwa m'nkhalangomo. Wansembe wachikatolika J.M. Schoffeleers adafufuza mbiriyi kwa zaka zambiri ndipo adasindikiza buku la River of Blood m'chaka cha 1992. Ku Khulubvi sadula mtengo, ndipo mlendo salowa yekha kapena atavala nsapato. Mu 2011 boma la Malawi lidaika malowa pa mndandanda wa malo amene likufuna kuti UNESCO idzawazindikire, monga idachitira mu 2006 ndi zojambula za pamiyala za ku Chongoni. Kuzindikiridwa kotere kumabwera ndi alendo. N'chifukwa chake n'kofunika kuphunzira kwa anzathu amene akhala akulandira khwimbi la alendo kwa nthawi yaitali.

5.0 Varanasi: Mzinda wa Opembedza ndi Oonera

Amalawi ambiri amapita ku India kukaphunzira kapena kukalandira chithandizo cha mankhwala, ndipo kuno kwathu Ahindu ali ndi akachisi awo ku Blantyre ndi ku Lilongwe. Choncho nkhani ya Varanasi si yakutali monga tingaganizire. Mzindawu, umene umatchedwanso Kashi kapena Banaras, uli m'chigawo cha Uttar Pradesh m'mphepete mwa mtsinje wa Ganga, ndipo ndi umodzi mwa mizinda yakale kwambiri imene anthu akukhalamobe. Ahindu amati ndi mzinda wa mulungu wawo Shiva, ndipo amakhulupirira kuti wofera mmenemo amamasulidwa ku kubadwanso kobwerezabwereza.

Mlendo amene wafika ku Varanasi amaona zinthu zinayi zikuluzikulu. Choyamba ndi madooko a masitepe amiyala otsikira kumtsinje, otchedwa ghat, amene alipo oposa 80. Onse adayang'ana kum'mawa, kotero alendo amakwera mabwato m'bandakucha kuti aone dzuwa likutuluka, anthu akusamba ndi kupemphera. Chachiwiri ndi mwambo wa nyale wa madzulo pa dooko la Dashashwamedh, pamene ansembe amazunguza nyale zamoto molemekeza mtsinjewo, mabelu akulira. Chachitatu ndi kachisi wa Kashi Vishwanath. Nyumba imene ilipo lero idamangidwa cha mu 1780 ndi mfumukazi Ahilyabai Holkar ya ku Indore, ndipo mu Disembala 2021 boma lidatsegula njira yotakasuka yolumikiza kachisiyu ndi mtsinje, ntchito imene idagwetsa nyumba zakale zambiri. Chachinayi ndi Sarnath, pamtunda wa makilomita pafupifupi 10, kumene Buddha adalalikira koyamba.

Chimene chikutikhudza ife ophunzira zinenero ndi mawu amene Ahindu amagwiritsa ntchito. Malo opatulika amawatcha tirtha, mawu amene tanthauzo lake lenileni ndi powolokera mtsinje. Ndiye kuti pamenepo munthu amawoloka kuchoka ku za dziko lino kupita ku za umulungu. Ndipo cholinga cha wopembedza polowa m'kachisi chimatchedwa darshan, kutanthauza kuona. Katswiri wina, Diana Eck, amene adalemba buku la Banaras: City of Light mu 1982, adaonetsa kuti kuona kumeneku n'kwa mbali ziwiri: munthu amaona mulungu wake, mulunguyo n'kumuonanso. M'Chichewa sitingamasulire darshan ndi mawu akuti kuonera. Mawu oyandikira ndi kuonekera. Wopembedza amene wayenda wapansi kwa masiku asanu kuzungulira mzindawu pa njira ya Panchakroshi, ya makilomita pafupifupi 80, sakufuna chithunzi, akufuna kulandiridwa.

Mkangano wa mawu awiriwa umaonekera poyera pa dooko la Manikarnika, pamene mitembo imawotchedwa usana ndi usiku. Ntchito yosamala moto pamenepo ndi ya mabanja a anthu otchedwa Dom, amene tingawayerekeze ndi adzukulu a kwathu. Mlendo amaloledwa kuima chapatali mwakachetechete, koma kujambula n'kosayenera. Ngakhale zili choncho, ena amaba zithunzi ali m'bwato, kuiwala kuti chimene iwo akuchiyesa chodabwitsa ndi maliro a mayi kapena bambo wa munthu wina. Pa kachisi wa Kashi Vishwanath mlendo amasiya nsapato ndi foni kunja. Pa mwambo wa nyale, kujambula n'kololedwa. Apa tikuona kuti nawonso a ku Varanasi ali ndi bwalo lawo komanso dambwe lawo.

6.0 Zimene Tikuphunzirapo

Poyamba, kuchuluka kwa alendo pakokha sikuchotsa kupatulika kwa malo. Varanasi amalandira anthu mamiliyoni chaka ndi chaka, koma miyambo yake ikupitirirabe chifukwa eni ake ndiwo amanena poyenera kuima mlendo. Ngati Msinja ndi Khulubvi adzatsegulidwe kwa anthu ambiri, malire aziikidwa ndi osunga malowo, osati ndi amene amagulitsa maulendo. Phindu nalonso lizifika kwa iwo.

Kachiwiri, chitukuko chofuna kusangalatsa mlendo chikhoza kuwononga chimene mlendoyo wadzera. Njira yatsopano ya ku Varanasi idathandiza kuchepetsa kuthinana, koma anthu ena a mumzindawo adadandaula kuti tinjira takale tidatha. Nkhalango ya Khulubvi kapena kamsitu ka manda ku Kasungu sizingalambulidwe kuti galimoto zipeze poima, popeza mitengoyo ndiyo kachisi amene.

Kachitatu, kulemekeza malo sikutanthauza kulowa chipembedzo cha eni ake. Ambiri a ife ndife Akhristu kapena Asilamu, ndipo ena timafulumira kutcha malo otere "zachikunja". Koma amene akaonekera kwa mfumu ya mudzi wina sasanduka mbadwa ya mudziwo. Amangovomera kuti ndi mlendo. Kuvula nsapato pa Khulubvi kapena pa kachisi wa Shiva ndi ulemu wa mtundu womwewo umene timayembekezera kwa munthu wolowa m'tchalitchi kapena mumzikiti.

Kachinayi, ife ophunzira zinenero tili ndi mbali yathu. Ndife amene tidzalemba zikwangwani, kumasulira timabuku ta alendo ndi kupita kumidzi kukachita kafukufuku. Mawu akuti "malo okopa alendo" amatchula malo poyang'ana wobwera, ngati kuti malowo adakhalapo chifukwa cha iye. Pamene tikulemba za Msinja, ndi bwino kunena kuti "malo opatulika amene amalandira alendo", pakuti kulandira kumasonyeza kuti pali mwini khomo.

7.0 Mathero

Chimangirizo chino chaonetsa kuti kuchokera pa kamsitu ka manda ku Kasungu mpaka pa madooko a Ganga, mlendo amakumana ndi lamulo limodzi: ayambe wadziwika kwa eni malo, afunse poyenera kuponda, ndipo avomere kuti zina si zake kuziona. Akuluakulu adati safunsa adadya phula, ndiponso kuona maso a nkhono n'kudekha. Tsiku limene ndidalowa kumanda ndekha ndidatuluka ndi mayina anayi ndi mlandu wa nkhuku. Tsiku limene ndidayamba ndaonekera kwa mfumu, ndidabwerako kope litadzaza.