Kudutsa mapiri a Sierra Nevada chipale chili pansi: mafunso ndi mayankho

Kodi ulendowu ndi wotani?

Pacific Crest Trail ndi njira ya apansi yotalika pafupifupi makilomita 4,265, kuchokera ku Campo, pamalire a Mexico ndi California, mpaka kumalire a Canada. Woiyenda yonse amatha miyezi ngati 5 atabereka chikwama chokhala ndi tenti, chofunda ndi kamba. Akayenda makilomita oposa 1,100 amafika pa Kennedy Meadows, pakhomo la mapiri a Sierra Nevada, ndipo kutsogoloku kuli mipata yaitali monga Forester Pass, ya mamita 4,009, yomwe chaka cha chipale chambiri imakhala yokwiririka mpaka Julayi.

Choopsa chenicheni si kuzizira kodi?

Ambiri amaganiza choncho, koma ine ndikuti choopsa kwambiri n'kusungunuka kwa chipalecho, ndipo chimene chimateteza munthu koposa ndi kudziwa nthawi yoyenda. Chipale chofewa chimene chagona usiku wozizira chimalimba, munthu n'kumayenda pamwamba pake bwinobwino. Dzuwa likakwera chimafewa, phazi lililonse limatitimira mpaka m'mawondo, nthawi zina m'chiuno, ndipo pansi pakepo pamabisala miyala yothyola mwendo. N'chifukwa chake odziwa amadzuka kusanache, tochi pamphumi, kuti akwere mpata ndi kutsika chipale chisanafewe. Madzi onse osungunukawo amathamangira kumakwawa. Kamtsinje kamene mu Ogasiti kamalekeza m'akakolo, mu Juni kamakokolola munthu wamkulu, madzi ake ozizira moti miyendo imachita dzanzi posachedwa. Mu 2017, chaka chimene chipale chinagwa chochuluka, anthu awiri oyenda njirayi anamira m'mitsinje ya Sierra Nevada. Mtsinje wodyetsedwa ndi chipale umaphwera m'mawa n'kudzaza madzulo, choncho amene wafika pagombe dzuwa litapendeka achita bwino kugona pomwepo, kapena kutsata gombe kufunafuna pamene madzi atambasuka. Pa mtsinje wa Evolution Creek palinso njira ina yodzera kudambo, yowolokera madzi akachuluka.

Nanga zida zamakono sizithetsa vutoli?

Zimathandiza, ndipo wopita popanda izo akuseweretsa moyo. Minga yachitsulo yomangirira kunsapato imagwira pa ayezi, magalasi akuda amateteza maso ku kunyezimira kumene kumachititsa khungu kwa masiku angapo, ndipo GPS imasonyeza njira pamene chipale chaifotsera. Koma kankhwangwa ka pa ayezi kamapulumutsa yekhayo amene anaphunzira kukakhomera pansi atangoterereka, liwiro lisanakule. Wongokanyamula pachikwama kamangomulemera. Ndipo palibe chida chimene chimaphwetsa mtsinje. Chomwe munthu angachite n'kumasula lamba wa chikwama asanalowe m'madzi kuti akagwa achivule msanga, kuyang'ana kumene madzi akuchokera, ndi kuwoloka pamodzi ndi anzake.

Bwanji osangodikira kuti chipale chonse chithe?

Funsoli ndi lomveka, koma kudikira nakonso kuli ndi mtengo wake. Mwambo wakale umati munthu anyamuke pa Kennedy Meadows chapakati pa Juni, chifukwa kutsogolo kwatsala makilomita oposa 3,000, ndipo kumapiri a Cascade ku Washington chipale chatsopano chimatha kuyamba kugwa kumapeto kwa Seputembala. Wochedwa kuno amakakumana nacho uko, masiku atafupika, thupi litatheratu. Koma tsiku la pakalendala lisapose zimene maso akuona. Mu 2023 chipale chinachuluka mpaka kupinda mlatho wa pa mtsinje wa South Fork San Joaquin, ndipo oyenda ambiri analumpha Sierra Nevada, n'kukapitiriza ulendo kumpoto, ena n'kudzabwerera mitsinje itaphwera. Ena amati kutero n'kuwononga ulendo woyenda mosadukiza. Ine sindikuvomereza: makilomita ake ndi omwewo, mapiri ndi omwewo, chasintha n'chakuti Forester Pass munthu akuikwera mu Ogasiti, poponda pakuoneka.