Makina Akalira, Musathamangire Khasu

Ana inu, lero tikambirana za makina amene anthu ena amayenda nawo m'minda ndi m'mabwinja, atavala zomvera m'makutu, kufunafuna makobili akale, mabatani a asilikali ndi mabotolo. Ndikudziwa kuti ena mwa inu munamvapo mphekesera yoti rupiya imodzi ya Mjeremani imalemeretsa munthu. Tiyeni tiyambe ndi makinawo, kenako tione zimene nthaka yathu ya Mandimba, Ngauma ndi Cuamba yasunga.

Kumapeto kwa ndodo ya makinawa kuli mbale, ndipo m'mbalemo muli waya wokulungidwa. Magetsi a batire akamadutsa m'wayayo amapanga mphamvu ya maginito imene imalowa m'dothi. Mphamvuyo ikakumana ndi chitsulo imadzutsa timagetsi tating'ono m'chitsulocho, timagetsito n'kubweza chizindikiro ku mbale ija, makina n'kulira. Khobili limodzi amalimva likakhala pafupi, mwina masentimita 20 kapena 30 kuya kwake. Chitsulo chachikulu amachimva chili pansi kuposa apo. Makina abwino amayesa kusiyanitsa mkuwa, siliva ndi chitsulo wamba, koma amangoyerekeza. Gwirani mfundo iyi: makinawa sadziwa dzina la chimene amva. Msomali, khobili ndi bomba, zonse zimawaliza.

Tsono zitsulo za nkhondo zinafika bwanji kuno? Pa 25 Novembala 1917 mkulu wa asilikali a Ajeremani, Paul von Lettow-Vorbeck, anawoloka mtsinje wa Rovuma pa Negomano, nagonjetsa Apwitikizi amene anali pamenepo, nawalanda mfuti ndi zipolopolo. Kwa miyezi khumi anayendayenda kumpoto kwa Mozambique adani ake akumulondola. Kumayambiriro kwa 1918 gulu lina la asilikali a Angerezi linanyamuka ku Fort Johnston, kumene lero timati ku Mangochi, n'kudzera ku Namwera kulunjika kumtsinje wa Lugenda. Kumwera kwa Cuamba, ku Lioma, kunamenyedwa nkhondo yoopsa pa 30 ndi 31 Ogasiti 1918, ndipo amene anatchinjiriza malowo anali asilikali a King's African Rifles ochokera ku Nyasaland. Ajeremani anabwereranso kutsidya kwa Rovuma kumapeto kwa Seputembala chaka chomwecho.

Imeneyi ndiyo nkhondo ya Chiwaya imene agogo a agogo anu ankainena. Mabuku amatchula akuluakulu a nkhondo, koma katundu wambiri anayenda pamitu ya amtengatenga, Ayao, Anyanja, Amakhuwa ndi Alomwe ogwidwa m'midzi mokakamiza. Ambiri anafera m'njira ndi njala, kamwazi ndi chimfine choopsa cha 1918, ndipo manda awo alibe mwala wolembedwa. N'chifukwa chake ine ndikaona batani la yunifomu kapena khoko la chipolopolo, sindiyamba ndafunsa mtengo wake. Ndimafunsa kuti lapezeka pati. Mabatani khumi opezeka pamalo amodzi pafupi ndi mtsinje angatiuze kuti apa panali msasa, apa anthu anagona, mwina apa ena anaikidwa. Mabatani omwewo akathiridwa m'thumba n'kugulitsidwa kwa munthu wodutsa, umboni wonse wapita, ndipo palibe amene angaubweze.

Za makobili ndinene mosabisa. Rupiya ya Ajeremani ilipodi: ndi ndalama yasiliva yokhala ndi nkhope ya mfumu yawo Wilhelm II, ndipo mu 1916 ku Tabora anasula ina yagolide ya marupiya 15 yokhala ndi chithunzi cha njovu. Osonkhanitsa ndalama zakale amaigula pa mtengo wolingana ndi kusowa kwake ndi mmene yasungikira. Ilibe mphamvu yamatsenga, ndipo amene angakuuzeni kuti mugulitse mbuzi kuti mupeze ndalama zokumbira chuma cha Mjeremani akufuna mbuzi yanuyo. Zimene zimapezeka kawirikawiri kuno ndi maeskudo ndi masentavo a Apwitikizi, amene analowedwa m'malo ndi metikali pa 16 Juni 1980, komanso mapeni obowoka pakati a Rhodesia ndi Nyasaland amene anthu ankabwera nawo podzera ku Chiponde.

Botolo makina salimva, popeza galasi si chitsulo. Amene amalipeza amatsogozedwa ndi zitini ndi zivindikiro za padzala lakale, kuseri kwa sitolo, kwa mishoni ngati ya Massangulo imene inayamba mu 1928, kapena m'mbali mwa njanji ku Cuamba, tauni imene Apwitikizi ankaitcha Nova Freixo. Mukaona botolo lakale yang'anani msoko wake. Ukakwera mpaka kukamwa, linapangidwa ndi makina a fakitale, amene anayamba kufala pambuyo pa 1903. Ukathera pakhosi, mlomo wake unamalizidwa pamanja, ndipo kawirikawiri botololo ndi lakale kuposa linzake.

Tsopano tcherani khutu, pakuti apa ndi pamene pali moyo wanu. Nthaka ya chigawo chathu cha Niassa inaona nkhondo zitatu, osati imodzi. Itatha ya Chiwaya kunabwera ya ufulu kuyambira 1964 mpaka 1974, kenako yapachiweniweni imene inatha ndi pangano la ku Rome pa 4 Okutobala 1992. Ziwiri zomalizazi zinasiya mabomba okwirira pansi, mabomba oponya ndi manja ndi zipolopolo za mizinga zosaphulika. Bungwe la HALO Trust linagwira ntchito yochotsa mabomba m'chigawo chino kwa zaka zambiri, ndipo pa 17 Seputembala 2015 boma linalengeza kuti malo onse odziwika kuti muli mabomba ayeretsedwa. Mawu akuti "odziwika" muwamve bwino. Chimene msilikali anakwirira yekha m'tchire, kapena chimene madzi osefukira anakokolola, sichinali pa mapu a munthu aliyense. Dzimbiri silipha bomba. Nthawi zina limalichititsa kuti liphulike ndi kugogoda pang'ono chabe. Akatswiri ochotsa mabomba amagwiritsa ntchito makina a mtundu womwewu, koma akalira amagwada atavala zodzitetezera n'kumafukula dothi pang'onopang'ono kuchokera m'mbali. Satema ndi khasu pamwamba.

Palinso lamulo. Lamulo nambala 10/88 la Disembala 1988 limateteza zinthu zakale za dziko la Mozambique, ndipo kukumba kofufuza zakale kumafuna chilolezo cha boma. Kukhala mwini munda sikukupatsani ufulu wogulitsa mbiri ya anthu onse.

Choncho, ana anga, mukaona chitsulo chachilendo polima, poweta kapena potola nkhuni, musachikhudze, musachigende, musachiike pamoto, ndiponso musapite nacho kwa ogula zitsulo zakutha. Bwererani potsata mapazi anu, ikani chizindikiro chapatali, ndipo kauzeni a mfumu kapena apolisi tsiku lomwelo. Likakhala khobili kapena botolo lopezeka pamtunda, lembani malo ndi tsiku m'kope mwanu, mubwere nalo kuno tidzaliphunzire pamodzi. Madzulo ano kafotokozereni azing'ono anu zimenezi, chifukwa iwo ndiwo amatola chilichonse chonyezimira.