Makope Akale ndi Makope a Ana Athu

Tsiku lina tidapita kukayendera ophunzira athu amene anali kuyesera ntchito ya uphunzitsi pa sukulu ina ya ku Phalula, m'boma la Balaka. Mabuku anali ochepa, choncho ana onse ankakopera za pa bolodi. Titayang'ana makope asanu a ana okhala kumbuyo, tidapeza kuti onse adalumpha mzere umodzimodzi. Anaŵa sankaona bwino bolodi, ndiye ankakopera kwa mnzawo mmodzi amene adayamba kulakwitsa.

Vuto limeneli n'lakale kwambiri, ndipo mphunzitsi wolimvetsa angalisandutse phunziro la mbiri yakale.

Johannes Gutenberg asanasindikize Baibulo cha m'ma 1455, ku Ulaya pafupifupi buku lililonse linkalembedwa pamanja. Palibe buku la m'Baibulo limene tili nalo m'dzanja la mlembi wake woyamba; tili ndi makope a makope. Zosemasema nazonso n'chimodzimodzi. Mgiriki wina dzina lake Myron adapanga chifanizo chamkuwa cha munthu woponya chimbale cha m'ma 450 B.C. Chifanizocho chidatayika, ndipo lero timachidziŵa chifukwa cha zifanizo zimene Aroma adasema pamwala potsanzira choyambacho. Kwathu kuno, m'madrasa a ku Machinga ndi Mangochi, ana ankalemba ndime za Korani pathabwa, ndipo shehe ankaziona asanalole kuti zifufutidwe.

Kodi tingakhulupirire bwanji kope ngati choyambirira kulibe? Akatswiri amayerekeza makope ambiri. Amadziŵa kuti diso la mlembi limalumpha kaŵirikaŵiri pamene mizere iŵiri yatha ndi liwu lofanana. Amadziŵanso kuti makope aŵiri okhala ndi cholakwa chimodzimodzi adachokera ku gwero limodzi, monga momwe adachitira makope asanu aja. M'chaka cha 1947, m'phanga la ku Qumran pafupi ndi Nyanja Yakufa, mudapezeka mpukutu wachikopa wa buku la Yesaya. Unali wakale ndi zaka pafupifupi 1,000 kuposa makope achiheberi amene ankadziŵika nthaŵi imeneyo. Atauyerekeza ndi makopewo, adapeza kuti ukugwirizana nawo kwambiri, ngakhale kalembedwe ka mawu ena kanali kosiyana.

Nayi njira yoyesera zimenezi mu Sitandade 7 kapena 8.

1. Lembani ndime ya mizere isanu ndi umodzi papepala. Mizere iŵiri ithe ndi liwu lofanana.

2. Gaŵani ana m'magulu anayi. Mwana woyamba pa gulu lililonse akopere pepala lanu, wachiŵiri akopere kwa woyambayo, mpaka wotsiriza.

3. Bisani pepala lanu ndi makope onse apakati. Pakhoma muike makope anayi otsiriza okha.

4. Funsani ana kuti apeze pamene makopewo akusiyana, ndipo agwirizane za mawu amene akuganiza kuti ndiwo anali oyamba. Aliyense apereke chifukwa chake.

5. Pomaliza tulutsani pepala lanu, ayerekeze.

Ngati mungapeze Buku Lopatulika lakale, limene lidayamba kutuluka m'zaka za m'ma 1920, aonetseni ana m'mene limalembera "cifukwa" pamene ife timalemba "chifukwa". Adzaona okha kuti kope limaulula msinkhu wake.

Tikuchenjezeni pa chinthu chimodzi: musamuseke kapena kumulanga mwana amene walumpha mzere. Cholakwa chakecho ndicho chida cha phunziro lonse, ndipo alembi ophunzira kwambiri adalakwapo motero.

Kwa ana ambiri a kumudzi, kope ndilo buku lokhalo limene adzaŵerenge pokonzekera mayeso. Cholakwa chimene chaloŵamo mu Januwale chidzatulukira pa pepala la mayeso, mwinanso m'kope la mng'ono wake wodzabwereka. Tsono mukatha kulemba pa bolodi, pitani kumbuyo kwa kalasi mukaone ngati zikuŵerengeka, ndipo tsiku lililonse mutenge makope atatu muwayerekeze ndi zimene mudalemba.