Ulendo wa Ana a Sukulu pa Galimoto: Udindo wa Dalaivala ndi wa Mphunzitsi

Kuno ku Dowa ndi ku Ntchisi mwana wa ku pulaimale sakwera basi popita ku sukulu. Amayenda pansi kudzera m'tinjira ta m'minda ndi m'madambo, ndipo oŵerengeka okha ndiwo amakwezedwa pa kabaza. Mabasi enieni a sukulu timaŵaona m'mizinda, makamaka pa sukulu zimene si za boma. Tsono wina angafunse kuti malamulo a oyendetsa mabasi a sukulu akumukhudza bwanji mphunzitsi amene akagwire ntchito ku Chezi, ku Malomo kapena ku Nambuma.

Akumukhudza kwambiri. Palibe chaka chimene chimatha sukulu isanatulutseko ana ake: timu ya mpira kupita ku zoni ina, kwaya ku chikondwerero, ana a Sitandade 8 kukalemba mayeso oyeserera, kapena kalasi lonse kukaona nyanja ku Senga Bay kapena bwalo la ndege ku Lumbadzi. Pa tsiku lotere minibasi yobwereka, kapena lole imene dzulo lake inanyamula mabelo a fodya kupita ku Kanengo, imasanduka basi ya sukulu. Ndipo kaŵirikaŵiri amene amatumidwa kuperekeza anawo ndi mphunzitsi wachinyamata wongofika kumene kuchokera ku koleji. Makolo sapereka ana awo kwa dalaivala, amene mwina samudziŵa n'komwe. Amaŵapereka kwa mphunzitsiyo. Nchifukwa chake mphunzitsi ayenera kudziŵa malamulo amene dalaivala wabwino amatsata, kuti athe kuzindikira pamene akuphwanyidwa ndi kulankhulapo nthaŵi isanathe.

Kumene malamuloŵa anachokera

Nchosangalatsa kuti basi yachikasu ya ku America inabadwira m'koleji ya aphunzitsi. M'zaka za m'ma 1930 mphunzitsi wina wa pa Teachers College mu mzinda wa New York, Frank Cyr, anafufuza za sukulu za kumidzi napeza ana akunyamulidwa m'malole ndi m'ngolo za mitundumitundu, monga momwe zilili kwathu kuno. Mu 1939 anaitanitsa msonkhano umene unagwirizana mfundo 44 za kapangidwe ka basi ya sukulu. Imodzi mwa mfundozo inali mtundu wachikasu, chifukwa zilembo zakuda zimaoneka bwino pa chikasu ngakhale kusanache kwenikweni.

Malamulo ena analembedwa pambuyo pa maliro. Mu Disembala 1938, ku Utah m'dziko lomwelo, sitima inaomba basi ya sukulu pamene msewu umadutsa njanji. Kunja kunali chipale chofeŵa, dalaivala sanaione sitimayo, ndipo anafa pamodzi ndi ana 23. Kumeneko lero dalaivala wa basi ya sukulu amaima pa njanji iliyonse, natsekula chitseko ndi zenera kuti amvetsere, kenaka n'kuoloka.

Chitsanzo chimene chili pafupi ndi ife ndi cha ku Tanzania. Pa 6 Meyi 2017 basi inanyamula ana a Sitandade 7 kuchokera ku Arusha kupita kukalemba mayeso oyeserera pa sukulu ina. Kunali mvula. Pa mtsetse wa m'dera la Karatu basiyo inaphonya msewu n'kugwera m'chigwembe, ndipo ana 32, aphunzitsi aŵiri ndi dalaivala anafa. Mapiri, mvula, mtsetse, ulendo wa mayeso: zonsezi tili nazo kuno.

Mtsetse

Tikhalitsepo pa nkhani ya mtsetse popeza ndi imene imasiyanitsa dera lathu ndi madera a chidikha. Wochoka pa boma la Dowa kudzera ku Chezi kupita ku Salima amatsika mamita oposa 700 asanafike m'mbali mwa nyanja, ndipo msewu wake ndi wokhotakhota. Misewu yafumbi yozungulira phiri la Ntchisi nayo ili ndi mitsetse yake, ndipo mvula ikagwa dothi lofiira lija limaterera ngati sopo. Anthu ambiri amaopa chitunda poganiza kuti galimoto ibwerera m'mbuyo, koma kaŵirikaŵiri ngozi yaikulu imadikira kotsika.

Chifukwa chake n'chosavuta kufotokozera ngakhale mwana wa Sitandade 5. Muuzeni akhulanitse zikhatho zake mwamphamvu, ndipo adzamva zikutentha. Mabuleki amagwira ntchito chimodzimodzi: tizigawo take timakhulana ndi chitsulo chimene chimazungulira pamodzi ndi tayala, ndipo liŵiro la galimoto limasanduka kutentha. Pa mtsetse wautali, dalaivala akangopondereza mabuleki osalekeza, zitsulozo zimatentha mopyola muyeso mpaka kuleka kugwira. Galimoto ikakhala yolemedwa zimenezi zimachitika msanga. Nchifukwa chake lamulo loyamba la dalaivala wa m'mapiri ndi kuloŵetsa giya yaing'ono asanayambe kutsika, kuti injini ndiyo izibweza galimoto, mabuleki azingothandizira. Akuluakulu a ntchitoyi amati giya imene wakwerera chitunda ndi yomweyo utsikire nayo.

Pali chizoloŵezi choipa chimene madalaivala ena ali nacho, chochotsa giya pa mtsetse, mwinanso kuzimitsa injini, kuti galimoto izingotsetsereka yokha iwo apulumutse mafuta. Akatero ntchito yonse yatsala ndi mabuleki okha. Pa malole ndi mabasi akuluakulu amene mabuleki ake amayendera mpweya, injini ikazima mpweyawo suwonjezekanso, ndipo ukatha dalaivala sangayendetsenso galimotoyo mmene akufunira.

Mphunzitsi safunika kukhala makaniko kuti azindikire zimenezi. Khutu ndi mphuno n'zokwanira. Galimoto imene ikutsika ndi giya yaing'ono imalira mokweza, ngati ikudandaula. Mukamva injini yangoti zii pamene liŵiro likukula, dziŵani kuti giya yachotsedwa. Mukamva fungo la chinthu chopserera, mabuleki atentha, ndipo galimoto iyenera kuima pamalo abwino mpaka azizire.

Apa ndi pamene aphunzitsi achinyamata ambiri amalephera, osati chifukwa cha umbuli koma manyazi. Dalaivala ndi wamkulu, mwina msinkhu wa bambo awo, ndipo mwambo wathu sutilola kudzudzula wamkulu pagulu. Komatu mbeŵa yamanyazi idafera kuuna. Ulemu ndi kulimba mtima zimatha kuyendera limodzi. Mungathe kusendera pafupi n'kunena motsitsa mawu kuti, “Bambo, pepani, tiyeni titsike pang'onopang'ono, sitikuthamangira kanthu, ana aŵa ndi a eni.” Madalaivala ambiri amamva mawu otere. Akakana, muli ndi mphamvu youza kuti aime, ana atsike. Ndipo n'chanzeru kukambirana zonsezi dzulo lake, pamaso pa mphunzitsi wamkulu ndi wapampando wa komiti ya sukulu, kuti pa msewu musakhale ngati mukuyambitsa zachilendo.

Galimoto isananyamuke

Malamulo a pamsewu a dziko lino, amene maziko ake ndi lamulo la 1997, amafuna kuti galimoto yonyamula anthu ikhale ndi chiphaso chosonyeza kuti inayesedwa n'kupezeka yoyenera kuyenda, chimene ambiri amangochitcha COF, ndiponso inshuwalansi, ndipo dalaivala akhale ndi laisensi yoyenera galimotoyo. Kufunsa zimenezi si chipongwe. Onani ngati masiku ake sanathe. Kenaka zungulirani galimotoyo pamodzi ndi dalaivala. Tayala limene mizere yake inatha, losalala ngati mutu wa dazi, silingagwire pa matope a Januwale. Chitseko chomangidwa ndi chingwe sichitsekuka msanga pa ngozi. Ndipo poyankhulana naye pafupi mudzadziŵa ngati bamboyo walaŵa kachasu m'maŵa umenewo. Ngati walaŵa, ulendo wathera pomwepo.

Vuto lovuta koposa ndi kudzaza. Ndalama za ulendo zimachokera m'matumba a makolo, ndipo sizikwana galimoto ziŵiri. Pamenepo pamabwera maganizo akuti ana ndi ang'onoang'ono, angathe kukhala anayi kapena asanu pa mpando wa anthu atatu, ena pamiyendo pa anzawo. Ife tikuti kuli bwino kuchepetsa ana opita, kapena kuimitsa ulendo mpaka ndalama zitakwana. Mwana wopanda mpando alibe chogwira, ndipo galimoto ikaima mwadzidzidzi iye amapitirirabe ndi liŵiro lomwe lija mpaka atagunda chinthu.

Nanga lole? Lole inapangidwira matumba a chimanga, osati anthu, ndipo sitiilimbikitsa. Koma tikudziŵa kuti pali midzi imene minibasi siifika, ndipo aphunzitsi ena adzaikwerabe. Zikatero ana onse akhale pansi, wina asakhale pa mpanda wa m'mbali kapena kulendeŵetsa miyendo, chitseko cha kumbuyo chitsekedwe ndi zokoŵera zake zonse. Pali chinthu china chimene timachiona kaŵirikaŵiri ndipo n'chochititsa manyazi: aphunzitsi onse kudzipanikiza kutsogolo pamodzi ndi dalaivala pothaŵa fumbi, n'kusiya ana makumi asanu kumbuyo m'manja mwa mwana mnzawo. Mphunzitsi mmodzi akhale kutsogolo kuti aziona kayendetsedwe. Ena onse malo awo ndi pakati pa ana, fumbi kaya mvula.

Lembani maina a ana onse pa mapepala aŵiri, lina litsale kwa mphunzitsi wamkulu. Ŵerengani ana ponyamuka ndi pamalo paliponse pamene mwaima. Konzani nthaŵi kuti mufike kunyumba dzuŵa lisanaloŵe, ngakhale zitatanthauza kusiya mpira womaliza usanathe. Nkhungu ya m'mapiri athu ndi malole oyenda ndi nyali imodzi si zoyenera kukumana nazo usiku muli ndi ana.

Za nyimbo, sitikuletsa. Ulendo wa ana wopanda nyimbo ndi maliro. Koma gwirizanani chizindikiro, monga kukweza dzanja, chakuti onse akhale chete pa mtsetse, pa mlatho wopapatiza ndi pa njanji. Ndipo musalole ana kukuwirira dalaivala kuti apitirire galimoto ya kutsogolo, chifukwa alipo madalaivala amene amakomedwa ndi kuchemerera kotero.

Kutsika ndi kuoloka

Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse linanena mu 2023 kuti anthu pafupifupi 1.19 miliyoni amafa pa ngozi za pamsewu chaka chilichonse, ndipo ngozizi ndizo zimapha kwambiri ana ndi achinyamata a zaka 5 mpaka 29. Ambiri mwa anthuŵa sakhala m'kati mwa galimoto. Amakhala akuyenda pansi, pa njinga kapena pa njinga yamoto. Choncho ulendo sunathe pamene galimoto yaima.

Ku America basi ya sukulu ikaima imatulutsa chikwangwani chofiira, ndipo galimoto zina zimakakamizidwa kudikira mpaka ana ataoloka. Pa msewu wa M1 ku Mponela kapena ku Madisi palibe amene adzaimire mwana wotsika minibasi. Tsono lamulo lathu likhale lakuti dalaivala aime kumanzere, kunja kwa msewu, kutali ndi pokhota ndi pamwamba pa chitunda. Ana atsikire kumanzere. Ndipo wina asaoloke kutsogolo kapena kumbuyo kwa galimotoyo. Adikire ichoke kuti aone bwino mbali zonse. Popeza kuno timayenda kumanzere, galimoto yoyamba kufika pa mwana imachokera ku dzanja lake lamanja. Ayang'ane kumanja, kumanzere, kumanjanso.

Phunziro la pabwalo

Zonsezi zingaphunzitsidwe popanda buku. Tiyeni titenge kalasi la Sitandade 6 kapena 7 pa nthaŵi ya masamu. Funso loyamba: galimoto ikuyenda makilomita 60 pa ola, imayenda mamita angati pa sekondi imodzi? Ana agaŵe 60,000 ndi 3,600, ndipo adzapeza pafupifupi mamita 17. Afotokozereni kuti dalaivala watcheru amatha pafupifupi sekondi imodzi kuchokera pamene waona mwana kufika pamene waponda mabuleki. Mamita 17 apita kale. Akaponda, galimoto yaing'ono pa tala wouma imafuna mamita ena pafupifupi 20 kuti iime. Onse pamodzi ndi mamita 37. Pa liŵiro la makilomita 30 pa ola, sekondi ija imadya mamita 8 ndipo mabuleki amafuna 5 okha, onse pamodzi 13. Ana ochenjera adzaona okha kuti liŵiro likachuluka kaŵiri, mtunda wa mabuleki umachuluka kanayi.

Manambala a pa bolodi saopsa munthu. Tulukani nawo ku bwalo la mpira wa manja, limene kutalika kwake ndi mamita 30 ndi theka. Mwana mmodzi aime pa golo ngati galimoto, ena ayese ndi chingwe mamita 13 ndi kukhoma chikhomo, kenaka mamita 37. Chikhomo choyamba sichifika n'komwe pakati pa bwalo. Chachiŵiri chimapitirira golo wa tsidya linalo. Afunseni kuti chikhomocho chingasunthire kuti ngati kwagwa mvula, ngati msewu ndi wotsetsereka, kapena ngati ili lole yodzaza.

Gawo lachiŵiri limafuna galimoto yeniyeni, ndipo nthaŵi yake yabwino ndi m'maŵa wa ulendo womwewo. Pemphani dalaivala azimitse injini, achotse makiyi, aike mwala ku tayala, akhale pa chiongolero. Mwana wamfupi aime chogunda kutsogolo kwa galimoto, ndipo azisendera kutali phazi limodzilimodzi mpaka dalaivala atanena kuti akumuona thupi lonse. Lembani mzere pansi. Chitani chimodzimodzi kumbuyo ndi m'mbali, dalaivala akuyang'ana m'magalasi ake okha. Pa lole mzere wa kumbuyo umafika patali modabwitsa. Pomaliza ana akwere mmodzimmodzi pa mpando wa dalaivala kuti adzionere okha anzawo akusoŵa m'maso. Ngati nthaŵi yachepa, yambani ndi aang'ono, popeza ndiwo amabisika msanga.