Malipiro muziwawerenga ndi ndowa ya chimanga

Mu 2021 malipiro otsikitsitsa amene boma linakhazikitsa anali K50,000 pa mwezi. Mu Febuluwale 2024 anafika pa K90,000, ndipo mu 2025 anakwera kufika pa K126,000, pomwe a antchito a m'nyumba anaikidwa pa K72,800. Pa pepala, wantchito wakwera makwerero awiri. Koma m'zaka zomwezi kwacha inachepetsedwa mphamvu kawiri, ndi 25 peresenti mu Meyi 2022 ndiponso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Mayi aliyense wogula ku msika wa Ndirande kapena wa Kawale akudziwa kuti ndalama imene kale inkadzaza jumbo, lero ikugula tomato wa mulu umodzi ndi kamafuta koyeza.

N'chifukwa chake ndikupempha kuti pa tsiku lolandira, musanafike ku golosale, mukhale pansi ndi akunyumba kwanu, kope lili pamwendo. Lembani ndalama imene yabwera, kenako funsani mtengo wa ndowa ya chimanga sabata imeneyo, muone kuti malipiro onse angagule ndowa zingati. Muzichita zimenezi mwezi ndi mwezi. Nambala ya ndowayo ndiyo ikuuzeni zoona, ngati mukukwera kapena mukutsika. Lembaninso tsiku limene mwatsegula thumba la ufa ndi tsiku limene latha. Mabanja ambiri sadziwa kuti amadya matumba angati pa chaka, ndipo wosadziwa zimenezi amagula mwadzidzidzi, pa mtengo umene wogulitsa wafuna.

Chimanga chili ndi nyengo zake. Chimatsika mtengo anthu akakolola, kuyambira Epulo mpaka cha mu Juni, ndipo chimakwera kwambiri kuyambira Disembala mpaka Febuluwale, nkhokwe zitapepuka. Amene amagula kaufa ka walkman madzulo alionse mu Januwale amalipira zambiri kuposa wina aliyense, ngakhale iye ndiye wosaukitsitsa pamzere wa nyumbazo. Zimandiwawa kuona zimenezi, chifukwa si ulesi ayi, ndi kusowa ndalama yokwanira nthawi imodzi. Apa ndi pamene chipereganyu chimathandiza. Ngati muli m'gulu, pemphani kuti ulendo wanu wolandira ugwe mu Meyi kapena Juni, ndipo ndalamayo ipite yonse ku matumba a chimanga, ngakhale atakhala awiri okha. Anansi atatu kapena anayi akhozanso kusonkha n'kutuma mmodzi kumudzi kapena ku msika wa pa sabata, ndalama ya mayendedwe n'kugawana.

Kugula n'kosavuta kuyerekeza ndi kusunga. Chimanga chonyowa chimachita nkhungu, ndipo anankafumbwe amasandutsa thumba lonse fumbi musanafike Khirisimasi. Chiyanikeni mpaka njere iziti khwa mukailuma. Mukakayika, thirani njere pang'ono m'botolo louma pamodzi ndi mchere wouma, mukhutchumule. Mcherewo ukamatirira m'mbali mwa botolo, chimangacho chibwerere padzuwa. Kenako thirani mankhwala monga Actellic motsata muyeso wolembedwa, kapena gwiritsani ntchito matumba a PICS, aja okhala ndi mapulasitiki awiri mkati. Amenewa safuna mankhwala, tizilombo timafa ndi kusowa mpweya, bola mumange mwamphamvu ndipo musamatsegule kawirikawiri. Matumba asagone pa simenti kapena kutsamira khoma. Ikani matabwa pansi.

Sopo, mchere, shuga ndi mafuta ophikira nazonso gulani zazikulu pa tsiku lolandira, mugawane ndi mnansi ngati thumba silikulola. Nyemba ziviikeni m'madzi usiku kuti zisadye makala ambiri, mphika uzikhala wovindikira, ndipo mbaula ya dothi ya chitetezo imasunga moto kuposa mafuwa atatu. Ndalama ya pa Mpamba kapena Airtel Money patulani kamodzi, chifukwa kutapa pang'onopang'ono kumadyetsa ndalama yodulidwa ulendo uliwonse.

Katapila ndiye muopeni ngati moto wa m'dambo. Chiwongoladzanja chake chimatha kufika theka la ndalama imene mwabwereka pa mwezi umodzi wokha, ndipo amene walowamo amagwirira ntchito wobwereketsayo. Vuto likagwa, yambani mwagogoda ku banki m'khonde, komwe chiwongoladzanja chimabwerera kwa inu nomwe pa tsiku logawana.

Komabe sindikufuna kunamiza munthu. K126,000 ya mu 2025 ija mukaigawa m'masiku 30 ndi K4,200 pa tsiku, ndipo mmenemo mutuluke lendi, madzi, minibasi, ndiwo ndi zofunika kusukulu. Bungwe la Centre for Social Concern ku Lilongwe limawerengetsa zofunika pa banja la m'tauni, ndipo chiwerengero chake chimaposa malipiro otsikitsitsa kangapo. Kusamala kokha sikungatseke mpata umenewo. Choncho musalole kulandira zochepera pa zimene lamulo likunena. Sungani pepala la malipiro, kapena lembani m'kope lomwe lija tsiku ndi ndalama imene mwapatsidwa. Lankhulani ndi abwana mwaulemu, ndipo zikakanika pitani ku ofesi ya zantchito ya m'boma lanu, kapena kwa atsogoleri a bungwe la antchito ngati pa malo panu lilipo.

Nanunso amene muli ndi mtsikana wolera ana kapena bambo wolondera pageti, tsegulani kope lanulo pa tsamba la ndowa, muwerengere malipiro amene mumawapatsa, muone kuti kwawo akubwerera ndi ndowa zingati mwezi uno.