Kodi Gabadinho adatchuka ndi chigoli chimodzi chokha?

Funso: Akatswiri, kumalo komwe timaonera mpira mkangano sutha. Anzanga amati Gabadinho Mhango adangotchuka ndi chigoli chomwe adamwetsa Morocco basi. Nzoona zimenezi? — Wokonda mpira, Zomba

Yankho: Anzanuwo auzeni kuti Gaba adayamba kale kugwedeza maukonde. Adaonekera ku Big Bullets, ndipo mu 2013 adapita ku South Africa kukasewera ku Bloemfontein Celtic. Adadzera ku Golden Arrows, kenako ku Bidvest Wits komwe adatenga nawo ligi ya 2016/17. Atalowa Orlando Pirates mu 2019, adamwetsa zigoli 16 m'ligi ya 2019/20, n'kugawana mphotho ya womwetsa zigoli zambiri ndi Peter Shalulile wa ku Namibia. Pambuyo pake adaseweranso ku AmaZulu ndi Moroka Swallows.

Ku Flames, ntchito yake yaikulu idaoneka pa AFCON ya ku Cameroon mu January 2022. Zimbabwe itatsogola, iye adamwetsa zigoli ziwiri, Malawi n'kupambana 2-1. Mapointi amenewo ndiwo adathandiza Flames kudutsa ndime ya magulu koyamba m'mbiri yake.

Za Morocco zija zidabwera pambuyo pa mpikisano womwewo. Masewero atangoyamba ku Yaoundé, Gaba adaona goloboyi Yassine Bounou atasuntha pagolo, n'kuumenya ali kutali kwambiri, mpira n'kudutsa pamwamba pake. Morocco idabweza kudzera mwa Youssef En-Nesyri ndi Achraf Hakimi, n'kupambana 2-1.

Choncho chigolicho chidamudziwitsa kudziko lonse, koma mbiri adaipanga kale m'ligi ya ku South Africa.